Ku Malambo, Kumene Nkhalango Ilondedwa ndi Zikwakwa

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu amene afuna kudziwa za umoyo wa mtsinje wa Luangwa asayambe ndi kupita pa ulalo wa Mfuwe, pamene alendo a kunja amaima ndi makamera ao kujambula mvuu. Ayambe wadzuka m'bandakuca mu Chipata, naime pambali pa mseu wocokera ku cigwa, nawerenge njinga zimene ziri kulowa m'tauni. Ine ndinatero m'mwezi wa June, mphepo iri kulasa m'makutu, poyembekeza kuti basi yopita ku Mfuwe idzale. Njinga iriyonse inali itasenza matumba a makala, amene anzathu a m'makomboni amati malasha, ina atatu, ina anai, omangidwa ndi mphira kufikira wopalasa wosaoneka kumbuyo. Thumba lirilonse dzana lomweli linali mtengo, ndipo mtengowo unali ciriri paphiri lina, kapena m'mbali mwa kamtsinje kena kamene madzi ake amakathira mu Luangwa.

Kucokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Amene anayenda mseu umenewu usanathiridwe tara amakumbukira pfumbi la m'cilimwe ndi matope a m'dzinja amene anali kugoneka malole panjira. Lero munthu amafika dzuwa lisanafike pamutu. Mseu umayamba pakati pa mapiri ndi minda ya cimanga, nshawa ndi thonje, kenaka umatsika pang'onopang'ono, ndipo mitengo ya mombo ndi misuku imayamba kusowa, m'malo mwake mumabwera tsanya ndi milambe. Amene anakwera basi atabvala majuzi amayamba kubvula mmodzimmodzi. Uko ndiko ku Malambo, monga momwe eni ake amachulira cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda, a mwambo wa Malaila, la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro.

Pansi pa maulalo ambiri amene tinaoloka panalibe madzi, koma mcenga woyera, ndi amai atagwada kufukula zitsime ndi mbale. Tsono tisanamizane pano: kuphwa kwa mitsinje ya ku cigwa m'cilimwe si cinthu cacilendo, makolo anaipeza iri yotero. Cimene acikulire amadandaula naco ndi maiwe akuya amene kale anali kusunga madzi ndi nsomba kufikira mvula ina. Ambiri anakwiririka. Mitsinje monga Lupande, Lutembwe ndi Msandile imayambira kumtunda, kwa ife a ku Katete ndi ku Chipata. Phiri likametedwa, mvula siipeza masamba kapena mizu yoigwira kuti ilowe pansi. Imathamanga tsiku lomwelo, itanyamula dothi, nikalitula kumunsi. Motero m'dzinja madzi amasefukira mwaukali, monga anacitira mu 2007 pamene midzi ndi misasa ya alendo ya ku Mfuwe inamira, ndipo pofika July mtsinje uli gwa. Ine ndinabadwira kumtundako. Poyang'ana mcenga uja pawindo la basi ndinadziwa kuti wina mwa iwo ndi munda wa atate anga.

Ndinatsika m'boma la Mambwe ndi kuyenda pansi kukafika pamudzi wina wa m'mbali mwa Lupande, kumene ndinamva kuti anthu amagwira nchito yosamala nkhalango ndi gombe popanda wowalipira. Monga mwa mwambo ndinayamba ndakaonekera kwa a nyakwawa. Iwo anandilandira pansi pa mtengo wa bwemba, namvetsera zonse zimene ndinadzera, ndipo atatha anandifunsa ngati ndinabwera ndi nsapato zina. Ndinati ai. Anayang'ana nsapato zanga za ku ofesi kwa kanthawi, nati, "Cabwino bambo, mawa mudzatiuza."

M'mawa mwake nthungululu inamveka dzuwa lisanatuluke. Anasonkhana amuna ndi akazi, anyamata a sukulu amene tsikulo linali Loweruka, ndi agogo ena amene nchito yao inali kungolozera. Ananyamula zikwakwa, makasu, nkhwangwa zocepa ndi zigubu za thobwa. Pakati pao anali kulankhula Cikunda, koma potembenukira kwa ine anali kusintha msanga kunena Cinyanja. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo wa tsikulo anacita kubwerekedwa cikwakwa, ndipo ndikhulupirira kuti anandisankhira cobuntha dala kuti ndingadziteme mwendo.

Nchito yake inali yolambula njira yochinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi. Otsogola amachecha udzu, otsatira amapala ndi makasu kufikira dothi litaoneka, ndipo njirayo imakhala yotakata kotero kuti ngolo ikhoza kudutsamo osakhudza udzu mbali iyi kapena iyo. Amene sanaigwirepo nchito imeneyi angaiyese yopepuka. Udzu wa ku cigwa umapitirira munthu msinkhu, uli ndi citedze, ndipo pansi pake pali maenje amene mapazi a njovu anasiya m'matope a dzinja, ouma tsopano ngati njerwa. Lisanakwane ola limodzi manja anga anali atatupa matuza, ndipo nsapato zija zinali zitayankha kale funso la a nyakwawa. Mai wina wa mwana kumsana anandipitirira kawiri konse, nandiuza mwaulemu kuti ndingokhala kumbuyo ndizikoka udzu wodulidwa. Ndinabvomera mosanyinyirika.

Madzulo, mphepo itagona, anayatsa moto. Apa ndipo pali nzeru yeniyeni ya nchitoyi, ndipo ndifuna owerenga a kumtunda amvetse bwino, pakuti ambiri a ife timayesa kuti kusamala nkhalango ndiko kuletsa moto wonse. Chire losapsa zaka zambiri limaunjika udzu wouma, ndipo tsiku limene wosaka mbewa kapena wofula njuci adzatayamo cikuni m'mwezi wa October, malawi ake amafika kunsonga za mitengo, kupha mphukira zonse, ming'oma ya njuci ndi mazira a nkhanga, nthawi zina ndi nkhokwe za kumalire a mudzi zomwe. Koma moto wa May kapena June umapeza udzu ukali ndi cinyontho. Umayenda mwaulesi, sufika m'ciuno, umasiya zigamba zosapsa, ndipo mame a usiku amauzima okha. A Dipatimenti ya Nkhalango akhala ali kuphunzitsa kuocha kofulumira kumeneku kwa zaka zambiri. Anyamata anayenda m'mbali mwa malawi atagwira nthambi zaziwisi, kumenya pali ponse pamene moto unafuna kulumpha njira, ndipo palibe anabwerera kumudzi kufikira citsa comaliza citaleka kufuka.

Nkhalango imeneyi si yaikulu. Munthu akhoza kuizungulira m'mawa umodzi. Koma m'menemo ndimo mumacokera nkhuni, mitengo ya milimo, luzi, bowa wa m'dzinja, uci ndi mankhwala, ndipo m'kati mwake muli kasupe amene mudzi umathawirako zitsime zikaphwa. Malamulo ake ndi apakamwa, ndipo mwana aliyense amawadziwa: nkhuni tolani zouma, mtengo wauwisi pemphani kwa komiti, ng'anjo ya makala ai. Lamulo la Nkhalango la 2015 linatsegula njira yakuti anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mfumu yao, apange gulu, alembetse ku Boma, napatsidwe mphamvu yoyang'anira nkhalango ya kwao ndi kudyerapo. Kale nkhalango inali ya kapitao wa yunifomu, ndipo munthu wa m'mudzi anali kulowamo ngati mbala. Mapepala a lamulo latsopanoli ndi ambiri ndithu, ndipo midzi yocuruka imafuna wina wodziwa Cingerezi woithandiza kulemba, komabe ndi citseko cimene kale cinali cokhoma.

Sindifuna kunamiza owerenga kuti mudzi wonse unabwera. Pobwerera tinadutsa pakhomo pena pamene mwamuna anali kusoka pakamwa pa matumba a makala. Anatipatsa moni, nafenso tinayankha, koma gulu linapitirira liri cete. Pambuyo pake ndinamva kuti iye amaocha kunja kwa malire a nkhalango, ndi kuti anayamba nchitoyi m'cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco cimanga cinauma cisanabereke, madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo nyumba za m'matauni zinatembenukira ku mbaula. Makala anakhala ndalama ya msanga koposa zonse. Amene anaseka nane tsiku lonse sanafune kum'nena zoipa munthuyo. Ndi mbale wao, ali ndi ana a sukulu, ndipo ena a iwo anaochapo makala caka comweco.

Tsiku laciwiri linali la kumtsinje. Gombe la Lupande ndi malo a mkangano, cifukwa ndipo pali dothi labwino koposa. Aliyense afuna dimba pafupi ndi madzi, la cimanga caciwisi, matimati ndi repu, ndipo caka ndi caka khasu limasendera kufupi, bango ndi senjere zimazulidwa, mkuyu umadulidwa cifukwa mthunzi wake ulepheretsa ndiwo. Madzi a February akabwera amapeza gombe liri lamaliseche, amalidya kunsi, ndipo dimba lomwelo limagwera mumtsinje. Anandionetsa pamalo pamene kale panali njira ya ngolo. Lero pali phompho lakuya kuposa nyumba.

Pamenepo gulu la amai linapangana ndi eni madimba kuti asiye mpata wosalimidwa m'mbali mwa madzi, ndipo iwo adzabzalamo. Nazale yao iri pansi pa msikidzi, yochingidwa ndi minga cifukwa ca mbuzi. Mbande ziri m'timapepala ta pulasitiki takuda, zina m'mapaketi a shuga ndi m'mabotolo odulidwa pakati. Muli misangu, misikidzi, mbawa, bwemba ndi gliricidia. Mbeu zake amatola okha m'chire. Za msangu amayamba azikanda pamwala kapena kuziviika m'madzi otentha, pakuti khungu lake ndi lolimba. Msangu amaukonda koposa, cifukwa uli ndi khalidwe losiyana ndi mitengo inzake: umayoyola masamba m'dzinja pamene ina iri kuphuka, motero suphimba cimanga, ndipo masamba akewo amasanduka manyowa. Mlimi amene amakana mtengo uliwonse m'munda mwake, msangu amaulola.

Kuyambira June kufikira mvula itagwa mbande zimenezi zifunika kuthiriridwa, ndipo madzi ake ndi a m'citsime ca mumcenga, otungidwa ndi mbale, osenzedwa pamutu kukwera gombe. Amai anagawana masiku. Kubzala kwenikweni kumadza mu December, nyengo imene dziko lonse limakumbukira kubzala mitengo. Ndaonapo miyambo yambiri ya tsiku lotere pa nchito yanga ino. Amabwera akuluakulu, amakumba dzenje limodzi, amajambulidwa, amasamba m'manja, ndipo pofika August pamalopo pamangotsala kamtengo kouma ndi cikwangwani. Mtengo umakhala ndi moyo cifukwa ca munthu amene adzabwera ndi ndowa m'mwezi wa October, kulibe kamera, dzuwa la ku Malambo liri kuswa mtengo. Ngakhale kuno yambiri imafa. Ina imadyedwa ndi ciswe, ina ndi mbuzi, ina imapondedwa ndi mvuu zotuluka usiku. Koma anandiyendetsa pa mzere wa misikidzi imene anabzala zaka zapitazo, yondipitirira kale msinkhu, ndipo pansi pake bango linali litabwerera lokha.

Ndiri kulemba zimenezi m'kabuku kanga, ambuya ena amene anali kudzaza dothi m'timapepala anandiitana ndi dzanja.

"Mwana wanga, uli kulemba za mitengo?"

"Inde, ambuya."

"Lemba. Ukatha ulembenso kuti njovu zinandithera cimanga usiku umodzi, ndipo amene anabwera anangoyesa munda ndi mapazi nacoka."

Ndalemba, ambuya. Nkhani yosamala cilengedwe ku Malambo siingakambidwe moona popanda mau amenewa. Nkhalango imene mudzi uli kusunga ndiyo yomwe njovu zimabisalamo usana, ndipo mtsinje umene amai ali kuubveka mitengo ndiwo womwe uli ndi ng'ona. Bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, limathandiza alimi ndi njira za tsabola: kuumba njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola zofukiza kumalire a munda, kupaka tsabola pa zingwe za mpanda, ndi kuombera njovu timipira ta mafuta a tsabola m'malo mwa zipolopolo. Palinso nkhokwe zomangidwa ndi njerwa ndi simenti zimene njovu siingathyole. Zimathandiza, koma munthu amagonabe pamsanja kumunda kuyambira cimanga citamasula kufikira kukolola. Amene amadzuka kukalambula njira ya moto m'mwezi wa June ndi munthu amene sanagone bwino kuyambira February.

Ganizo lakuti mwini dziko ayenera kudyerapo pa nyama ndi nkhalango si la lero kuno. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula mbali ya dziko lao ndi kumangapo msasa wa alendo, ndalama zake ndi kumapita kwa anthu a mfumuyo. Carr yemweyo ndiye anachukitsa kuona nyama poyenda pansi, kumene lero kumakoka alendo ocokera maiko akutali. Paki ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, inakhazikitsidwa mu 1972. Nthawi imeneyo m'cigwa munali njovu pafupifupi 100,000 ndi zipembere zikwi zingapo. M'zaka makumi awiri zotsatira opha nyama mozemba anapulula njovu zambiri, ndipo cipembere cinatheratu, kotero kuti zimene zinabwezeretsedwa ku North Luangwa zinacita kubwera pa ndeke kucokera ku South Africa kuyambira mu 2003. Phunziro lake linali lowawa: mfuti za Boma pazokha sizingalonde chire lalikulu cotere ngati midzi yozungulira siiona phindu. M'menemo ndimo munabadwira makomiti a anthu oyang'anira zacilengedwe, ochedwa Community Resources Boards, amene lamulo la nyama zakuchire la 1998 linakhazikitsa, ndipo amalandira gawo la ndalama za alenje a malaisensi ndi kulemba nchito alonda a m'midzi. M'menemonso munabadwira COMACO, imene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, yogula nshawa, mpunga ndi uci kwa alimi amene alonjeza kulima mosamala nthaka ndi kutula zida. Mfuti mazanamazana ndi misampha ya waya zikwizikwi zaperekedwa mwa njira imeneyi, ndipo cimponde ca It's Wild! cimene mumagula m'sitolo ndico cipatso cake. Za kagawidwe ka ndalama za makomiti ndinamva madandaulo pafupifupi pakhomo lirilonse pamene ndinakhala pansi, koma imeneyo ndi nkhani yofuna tsamba lakelake.

Masana a tsiku lomwelo ana a kalabu ya zacilengedwe ya pasukulu yapafupi anali ndi ulendo wao wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndinawatsatira. Patsogolo panali mlonda wa m'mudzi, pambuyo aphunzitsi. Amene tinakula ndi makalabu a Chongololo, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970, ndi kumvera pologalamu yake pa wailesi, tikumbukira kuti zambiri tinaziphunzira pa pepala. Ana a kuno, makamaka m'masukulu amene bungwe la Chipembele Wildlife Education Trust limagwiramo nchito, amaziphunzira ndi mapazi. Anali kuima pa phazi lirilonse la mumcenga ndi kutsutsana ngati ndi la fisi kapena la galu, kuchula mtengo uliwonse dzina lake ndi nchito yake, ndi kutola mapulasitiki ndi zidutswa za masikito amene anthu ena amaphera nsomba. Masikito amakokolola ndi tiana tomwe, ndipo mtsikana wina wa giredi 7 anandifotokozera zimenezi ngati ine ndiye ndinawaponya m'madzi.

Pa kanjira kena kotsikira kumadzi mlonda anakweza dzanja, ana onse naima. Anatiloza pakati pa zitsamba ziwiri. Ine sindinaone kanthu kufikira atakhudza ndi ndodo: waya wopota, womangidwa ku tsinde, wozengedwa bwino pa msinkhu wa khosi la nswala. Anaumasula yekha, pakuti ana saloledwa kugwira, nauika m'thumba. Msampha susankha. Wochera amafuna ndiwo, koma umagwira mkango, m'mbulu, citamba ca njovu, ngakhale mwendo wa nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa muno. Ana anakhala cete, ndipo ndinaona mnyamata mmodzi ali kuyang'ana kumbali. Aphunzitsi anandinong'oneza pambuyo pake kuti bvuto la kalabu yao ndi limenelo: mwana amaphunzira usana kuti msampha ndi woipa, madzulo nakadya nyama imene sangafunse kumene yacokera.

Pa ulalo wa Mfuwe ndinafikapo potsiriza, madzulo a tsiku lacitatu. Luangwa anali atayamba kubwerera m'mimba mwake, kusiya zisumbu za mcenga pamene ng'ona zinali kuothera dzuwa. Mvuu zinali mbuu pakhonde la madzi akuya, nkhwazi iri kulira pamtengo wa mcenja kutsidya. Mtsinje umenewu umacokera ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi, ndi kuyenda makilomita oposa 700 kukathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene akulu amalidziwa ndi dzina la Feira. Pa ulendo wonsewo palibe damu louchinga, cinthu cosowa pakati pa mitsinje ikuluikulu ya kuno kum'mwera kwa Africa. Panali ganizo lomanga damu la magetsi pa Ndevu, koma mafumu a m'cigwa, anthu ao ndi mabungwe anadandaula, ndipo mu 2019 Boma linaimitsa nchito yofufuza za damulo. Alendo amene anaima pambali panga anali kujambula dzuwa liri kulowa. Ine maso anali pa mtundu wa madzi, ofiirira ngati thobwa.

M'mawa wobwerera amai a ku nazale ananditumizira mwana ndi mbande ziwiri za msangu, ati ndikabzale kwathu kumtunda kumene mcenga umacokera. Kondakitala anaziyang'ana, nati dothi lidzadetsa mipando, motero anaziika kumbuyo pamodzi ndi katundu. Tisanayambe kukwera mapiri basi inaima pambali pa mseu, ndipo apaulendo anatsika kukatsatsa makala, pakuti kumeneko ndi ochipa kuposa m'tauni. Mai amene ndinakhala naye pampando anagula matumba awiri, nandifunsa modabwa ngati kunyumba kwanga kulibe mbaula. Iriko. Ndinatsika kukaonetsetsa kuti matumbawo asapsinje mbande zanga, ndipo kucokera pamenepo kufikira ku Chipata ndinazinyamula pamiyendo.